Bala la opareshoni likatukusira, tisathamangire kuloza mayi chala

Awa ndi mawu omwe tinayankhula pa macheza athu a Loweruka lapitali. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano kuti omwe sanakwanitse kubwera awerenge nawo. Ndi aatali ndithu, koma werengani mpaka kumapeto, kenako mutumizire mnzanu yemwe ali woyembekezera kapena akudikira tsiku la opareshoni.

Asisi, achemwali, amayi athu omwe mwatiperekeza, ndi abambo owerengeka omwe tikukuonani kumbuyoko, takulandirani nonse.

Tiyambe ndi kafunso. Ndi angati muno omwe munachitidwapo opareshoni ya pamimba, kaya ndi siza, kaya yochotsa chotupa m'chiberekero, kaya ina iliyonse yokhudza ziwalo zoberekera? Kwezani mkono, palibe chamanyazi. Chabwino. Nanga omwe munakhalapo gadiyani wa munthu wotere, n'kumagona pa chitenje m'khonde la chipatala? Mwaonatu, manja achuluka. Ndiye nkhani ya leroyi ndi yathu tonse.

Pali mnzathu wina m'gulu lino yemwe watilola kufotokoza zomwe zinamuchitikira, bola tisatchule dzina lake kapena chipatala. Ali ndi zaka 24, amagulitsa kaunjika, ndipo mimbayo inali yoyamba. Nsupa inasweka Lachiwiri usiku. Apongozi anati, "Mwana woyamba amachedwa, gona kaye, tipita kukacha." Kutacha, ndalama ya kabaza inali m'thumba la mwamuna yemwe anali atalawirira kuntchito. Anakafika kuchipatala chaching'ono Lachitatu masana. Kumeneko anamuyeza njira kambirimbiri, uyu akalowa ayeza, uyo akabwera ayezanso, mpaka mwiniwake anasiya kuwerenga. Mwana sankatsika. Anamulembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, koma ambulansi inafika pakati pa usiku. Siza inachitika Lachinayi m'mamawa, mothamanga. Mwana anabadwa wamoyo, ndipo patatha masiku atatu anawatulutsa.

Pa tsiku la 6 bala linayamba kutentha ndi kuwawa kuposa kale. Pa tsiku la 8 panaoneka mafinya. Sanauze munthu, ankaopa kunenedwa. Azakhali ake atazindikira anabweretsa mankhwala osinja n'kupakapo. Usiku wa tsiku la 10, akudzuka kuti ayamwitse, bala linatseguka mbali imodzi. Anagonekedwanso m'chipatala masabata atatu, kutsukidwa bala tsiku ndi tsiku, kenako kusokedwanso. Mpamba wonse wa kaunjika unathera ku transipoti ndi chakudya cha gadiyani. Koma mukamufunsa lero chomwe chinamupweteka kwambiri, amatchula mawu omwe anamva: "Ndi uve wako, sumasamba." "Unafulumira kugona ndi mwamuna." "Ukanalimbikira kukankha ngati akazi anzako, sakanakung'amba."

Ife tabwera kudzanena kuti bala silitukusira mwatsoka chabe, ndiponso si chilango. Zomwe zimachititsa n'zodziwika, madokotala anaziphunzira kalekale, ndipo zambiri mwa izo zimayamba mpeni usanakhudze n'komwe khungu. Tikazidziwa, tidziwa chofunsa, tidziwa nthawi yothamangira kuchipatala, tidziwanso yemwe ayenera kuyankha mafunso athu.

Vutoli ndi lalikulu bwanji? Mu 2016, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, potulutsa ndondomeko zake zopewera matenda a pabala la opareshoni, linati m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opareshoni amatenga matenda pabala. Linatinso mu Africa muno, amayi ofika 20 mwa 100 obereka pa siza amatukusira bala. Mmodzi mwa asanu, asisi. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana pafupifupi 6 mwa 100 amabadwa pa siza, ndipo m'tauni chiwerengerochi n'chokwererapo. Siza imapulumutsa moyo, pamenepo tisakanganepo. Ambiri tili muno chifukwa cha siza, ife kapena ana athu. Chomwe tikukana n'choti mayi apulumuke pobereka kenako akavutike ndi bala lomwe likanatha kupola bwinobwino.

Achipatala amawerengera matenda a pabala ngati ayamba m'masiku 30 kuchokera tsiku la opareshoni. Ali pa milingo itatu. Ena amangokhala pakhungu: kufiira, kutupa, timafinya. Ena amalowa mpaka mu mnofu womwe unasokedwa pansi pa khungu, ndipo amenewa ndi omwe amatsegula bala. Oopsa kwambiri ndi a m'kati, m'chiberekero kapena m'mimba momwemo, chifukwa kunja bala limatha kuoneka labwino pomwe m'kati mafinya akusonkhana. Tizilombo tikalowa m'magazi, thupi lonse limasokonezeka, ndipo munthu atha kumwalira m'masiku ochepa. Tizilombo timeneti timachokera pakhungu lathu lomwe, kumaliseche, m'manja mwa otigwira, pa zipangizo ndi pa zofunda. Funso ndi loti, n'chiyani chimatitsegulira khomo, ndipo n'chiyani chimafooketsa thupi kuti lilephere kulimbana nato?

Tiyambe ndi thupi lomwe mayi amalowa nalo m'fiyeta.

Choyamba ndi kuchepa kwa magazi. Bala limapola ndi mpweya wa okosijeni ndi chakudya zomwe magazi amabweretsa, ndipo asilikali a m'thupi amafuna mpweya womwewo kuti aphe tizilombo. Magazi akachepa, bala limakhala ngati dimba lopanda madzi. Kafukufuku wa boma uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu m'Malawi muno ali ndi magazi ochepa, ndipo mwa oyembekezera ndi ochuluka kuposa pamenepo. Malungo, njoka za m'mimba, kusamba kwambiri, kubereka pafupipafupi, ndi chizolowezi choti mayi adye pomaliza aliyense atakhuta, zonsezi zimamwa magazi athu. Timapiritsi ta ayironi tomwe timalandira kusikelo, tija ambiri timasiya chifukwa cha nseru, ndi mankhwala a bala lomwe silinachekedwe n'komwe. Imwani. Ngati tikukuvutani, kawauzeni anamwino akuuzeni kamwedwe kena m'malo mongotaya. Fansidar wa kusikelo ndi kugona m'neti zili pa ntchito yomweyo.

Chachiwiri ndi shuga. Shuga akakwera m'magazi, asilikali a m'thupi amachita ulesi ndipo bala limachedwa kupola. Pali shuga wina yemwe amangobwera ndi mimba, mwa mtsikana yemwe sanadwalepo chiyambire, ndipo sapweteka paliponse. Ngati kwanu kuli odwala shuga, kapena munaberekapo mwana wamkulu kwambiri, pemphani akuyezeni. Chimodzimodzi BP yokwera pa mimba, nayonso imawonjezera chiopsezo.

Chachitatu ndi kukula thupi, ndipo apa timvetsetsane, sitikunyoza thupi la munthu. Mafuta a pansi pa khungu salandira magazi ambiri, ndipo pamene mimba imapindikira pamwamba pa bala pamakhala thukuta ndi chinyezi. Mayi wa thupi lalikulu amafunika chisamaliro chowonjezera: nthawi zina mlingo wokulirapo wa mankhwala, kusoka mosamala, ndi kuonetsetsa kuti popindikira paja pakhale pouma. Mawu achipongwe sapoletsa bala. Komanso wowonda chifukwa chosowa chakudya naye ali pa chiopsezo, poti thupi limamanga mnofu watsopano ndi zakudya monga nyemba, mazira, usipa, mtedza ndi nyama.

Chachinayi ndi HIV yomwe sikulandira chithandizo. Mayi yemwe akumwa ma ARV mwandondomeko, tizilombo tili totsika, thupi lake limalimbana ndi matenda bwino kwambiri kuposa yemwe anasiya kapena sanayambe. Ndiye musasiye botolo kunyumba poopa kuti apongozi kapena gadiyani aliona m'chikwama. Auzeni adokotala mwachinsinsi, ndi udindo wawo kusunga chinsinsicho.

Tisaiwale fodya, kuphatikizapo shisha yomwe yatchuka m'malo achisangalalo. Utsi umafinya mitsempha ing'onoing'ono yomwe imadyetsa bala. Ngati mwapatsidwa tsiku la opareshoni, siyani masabata angapo lisanafike. Ndipo ngati muli ndi chikazi chonunkha, kuyabwa kumaliseche kapena kuwawa pokodza, nenani msanga mulandire mankhwala, chifukwa tizilombo ta kumeneko ndi tomwe timakwera kupita pabala la m'kati.

Tsopano tibwere pa nthawi yomwe matenda ayamba, poti apa ndi pomwe nkhani ya mnzathu uja inakhotera.

Mwana ali m'mimba amakhala m'nsupa yotsekeka bwino. Nsupa ikasweka, chitseko chatseguka, ndipo tizilombo timayamba kukwera kuchoka kumaliseche kupita m'chiberekero. Maola akamapita, timachulukirachulukira. Achipatala amayamba kuda nkhawa kwambiri pakadutsa maola pafupifupi 18 mwana asanabadwe. Mnzathu uja anatha maola oposa 30. Pomwe ankamutsegula pamimba n'kuti tizilombo tafika kale m'kati, ndipo mpeni unangotipatsa njira yofikira pabala. Nsupa ikasweka, kaya mimba ikuwawa kaya sikuwawa, kaya ndi usiku, nyamukani. Ndalama ya transipoti ikhale m'manja mwa mayi mwiniwake kuyambira mwezi wa 8, isamayende m'thumba la munthu wina. Omwe mumakhala kutali, kapena munachitidwapo siza kale, funsani za kuchidikiro.

Kuyeza njira n'kofunika, ndi momwe azamba amadziwira ngati zinthu zikuyenda. Koma kuyeza kulikonse kumakankhira tizilombo m'mwamba, ngakhale woyezayo atavala magolovesi. N'chifukwa chake WHO imalangiza kuti mayi yemwe zonse zili bwino aziyezedwa pakatha maola anayi alionse, pokhapokha pakhale chifukwa chapadera. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Anamwino, andiyeza posachedwapa, pali chomwe chasintha?" Muli ndi ufulu wodziwa yemwe akukuyezani, ndi wokana kuti ophunzira angapo akuyezeni motsatizana. Ophunzira ayenera kuphunzira, inde, koma thupi ndi lanu, ayambe apempha.

Matenda otenga nthawi yaitali amatopetsa chiberekero, amataitsa magazi ambiri, ndipo amathera pa siza yadzidzidzi. Siza yadzidzidzi imatukusira kawirikawiri kuposa yokonzekera, poti imachitika mayi atatopa, nsupa itasweka kale, nthawi yokonzekera palibe. Apa tinene mosapsatira za zikhulupiriro ziwiri zomwe zimatichedwetsa. China n'choti mwana akamakanika kubadwa ndiye kuti mayi anayenda ndi amuna ena, aulule kaye. Mwana amakanika chifukwa wakula kuposa njira, kapena wagona molakwika, kapena chiberekero sichikukoka mokwanira. Kuulula sikukulitsa mafupa a m'chiuno. China ndi mwanamphepo ndi mankhwala ena ofulumizitsa matenda. Mlingo wake palibe amaudziwa, atha kung'amba chiberekero, ndipo zoika kumaliseche zimalowetsa tizilombo.

M'fiyeta ife timakhala tagona, sitiona zambiri. Komabe ndi bwino kudziwa zomwe ziyenera kuchitika.

Chachikulu ndi jakisoni wa mankhwala opha tizilombo yemwe amaperekedwa asanacheke, mphindi 30 mpaka 60 mpeni usanakhudze khungu, kuti pochekapo mankhwala akhale ali kale m'magazi. WHO imatchula mankhwala monga cefazolin kapena a gulu la penicillin, ndipo kwa mayi yemwe alibe matenda kale mlingo umodzi umakwana. Jakisoni mmodzi yekhayu amachepetsa matenda a pambuyo pa siza ndi kuposa theka. Akaperekedwa mochedwa, mphamvu yake yoteteza imachepa. Ngati muli ndi mpata, kapena gadiyani wanu, funsani kuti, "Mankhwala oteteza bala andipatsa kale?" Safunsa anadya phula, paja amatero akuluakulu.

Kenako nkhani ya lezala. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti woyembekezera amete bwinobwino asanapite kuchipatala, apo ayi akamuseka. Koma lezala limasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo tizilombo timaswana m'menemo usiku umodzi wokha. Ndondomeko za WHO za 2016 zija zimaletsa kumeta ndi lezala pamalo pochita opareshoni. Ngati tsitsi likutchinga, lidulidwe ndi makina odulira, nthawi yomweyo ya opareshoni. Kunyumba, sambani ndi sopo, ndipo ngati mukufuna kuchepetsa, dulani ndi sizasi mosafika pakhungu.

Zina zonse zili m'manja mwa chipatala: kutsuka khungu ndi mankhwala oyenera, kutsuka kumaliseche ndi ayodini siza isanayambe, zipangizo zophikidwa mokwanira m'makina ake, nsalu zoyera, ndi kusalowalowa m'fiyeta mwachisawawa. Opareshoni ikatalika, kapena magazi akatayika ambiri, chiopsezo chimakwera. Bala loimirira, lochoka pamchombo kutsika, limavuta kupola kuposa lopingasa la m'munsi, ngakhale pali nthawi zomwe dokotala sangachitire mwina. Zipsera za maopareshoni akale nazo zimatalikitsa ntchito. Mwaona kuti pa mndandanda umenewu palibe chomwe mayi wogona pa tebulo angasinthe.

Pali dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, yemwe ankagwira ntchito ku Vienna. Anaona kuti amayi ankafa kwambiri ndi matenda otentha thupi m'wodi ya madokotala kuposa m'wodi ya azamba. Madokotalawo ankachokera koyeza mitembo n'kudzagwira amayi. Mu 1847 analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Papita zaka zoposa 170, koma lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati theka la zipatala padziko lapansi zilibe zokwanira zosambira m'manja, kutanthauza madzi ndi sopo kapena sanitaiza, pamalo othandizira odwala ndi kuzimbudzi. Tonse tikudziwa wodi yomwe mpopi wake ndi wouma, magadiyani akutunga ndi zidebe, amayi awiri pa bedi limodzi, wina pansi, namwino mmodzi pa odwala makumi angapo. Namwino ameneyo si mdani wathu. Nayenso ndi mayi, nayenso amaberekera momwemo. Pa kampeni ya What Women Want yomwe bungwe la White Ribbon Alliance linachita, amayi oposa 1 miliyoni m'mayiko 114 anafunsidwa chinthu chimodzi chomwe amafuna pa uchembere. Choyamba anati ulemu. Chachiwiri anati madzi, zimbudzi ndi ukhondo. Amayi amadziwa chomwe chikuwapweteka.

Tikatuluka m'chipatala, ntchito ina imakhala yathu ndi achibale. Nthawi zambiri matenda a pabala amaonekera mayi ali kale kunyumba, kuyambira cha pa tsiku la 4 kupita m'tsogolo, pomwe namwino palibe. Bala likhale lotsekedwa kwa tsiku limodzi kapena awiri oyamba monga achipatala anenera. Pambuyo pake sambani ndi madzi oyera ndi sopo, kenako pukutani mosakhula ndi nsalu yochapa, yoyanikidwa padzuwa kapena yosita. Sambani m'manja musanagwire bala, makamaka mukachoka kuchimbudzi kapena mukasintha thewera. Pabala musapakepo chilichonse chomwe achipatala sanakupatseni: phulusa ayi, masamba ayi, mankhwala otsukira mano ayi, mafuta odzola ayi, ufa wa m'kapisozi ayi. Chitenje chomanga mimba kuti ibwerere, ngakhalenso malamba othina omwe tikuwaona akutsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp, zisakhule kapena kutsekereza thukuta pabala lisanapole. Kabudula wam'kati akhale wathonje, lamba wake adutse pamwamba pa bala. Yendani pang'onopang'ono m'nyumba, kumathandiza. Koma chidebe cha malita 20, thumba la makala ndi belo la kaunjika zidikire masabata osachepera 6.

Abambo muli kumbuyoko, apa ndi panu. Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, ndipo kuyambira pomwe linasinthidwa mu 2021 limapatsanso bambo masabata awiri. Masabata awiriwo ndi omwe bala limakhala pa chiopsezo chachikulu. Ndi otungira madzi, kuchapa matewera ndi kuperekeza mayi kuchipatala. Ndipo zakuchipinda zidikire mpaka mayi atapola, mwiniwake atavomera.

Chinanso, tisiye kudzigulira makapisozi pagolosale kapena kumaliza otsala a mnzathu. Kumwa mankhwala opha tizilombo mwachisawawa kumaphunzitsa tizilombo kupirira. Kafukufuku yemwe anachitika ku Blantyre, poona magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, anasonyeza kuti tizilombo tina tomwe kale tinkafa ndi ceftriaxone, jakisoni yemwe zipatala zathu zimadalira kwambiri, tayamba kusamva. Tsiku lomwe tidzafune mankhwalawo kuti apulumutse moyo, tikufuna adzagwire ntchito.

Takamba kwambiri za siza, koma zonsezi zikukhudzanso maopareshoni ena a amayi: kuchotsa zotupa za m'chiberekero, kuchotsa chiberekero chonse, mimba yomwe yakhala kunja kwa chiberekero, zotupa za m'thumba la mazira, khansa ya khomo la chiberekero, ndi kukonza fistula. Zambiri mwa izi zimakhala ndi tsiku lokonzedweratu, ndiye mpata wokonzekera ulipo. Amayi a zotupa amakhala atataya magazi ambiri posamba kwa miyezi kapena zaka, choncho funsani kuti magazi anu ali pati ndipo akwezedwa bwanji tsikulo lisanafike. Pochotsa chiberekero pamatsala bala lina m'kati, kumapeto kwa njira, lomwe simungalione, ndipo matenda a kumaliseche osachizidwa amalitukusira mosavuta. Palinso asisi omwe apita padera, kapena mimba yachoka mwa njira ina iliyonse, zotsalira zili m'chiberekero. Zotsalirazo zimaola msanga, ndipo tsiku lililonse lobisala kunyumba chifukwa cha mantha limawonjezera ngozi, mpaka ena amataya chiberekero kapena moyo. Chithandizo chotsuka m'chiberekero chimaperekedwa m'zipatala za boma. Pitani, ndipo ife anzake timuperekeze popanda kumuweruza.

Tsopano gwirani izi pamtima, kapena jambulani pafoni. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwaona chimodzi mwa izi:

Bala likuwawa mowonjezereka m'malo mochepa.
Pozungulira bala pafiira kapena pada kuposa khungu lina, patupa, palimba kapena pakutentha.
Pakutuluka mafinya, madzi ambiri kapena fungo.
Bala layamba kutseguka, ngakhale pang'ono.
Thupi latentha kufika 38, kapena mukunjenjemera ndi kuzizidwa.
Kumaliseche kukutuluka zonunkha, kapena magazi awonjezeka.
M'mimba mukuwawa kwambiri kapena mwafufuma, mukusanza.
Mtima ukuthamanga, mukupuma mwabefu, mukuchita chizungulire kapena mutu wasokonezeka. Izi zomalizazi ndi za usiku womwewo, osadikira kuti kuche.

Kutentha thupi pambuyo pa opareshoni tisamangoti ndi malungo n'kugula LA. Akayeze malungo, koma aonenso bala ndi chiberekero. Ndipo ngakhale zonse zikuoneka bwino, masiku okaonedwa tisawaphonye. WHO imalangiza kuti mayi aonedwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi pa sabata la 6. Sikelo imeneyo si ya mwana yekha. Vulani chitenje, nenani kuti, "Ndionereniponso bala langa."

Pomaliza, tikufuna chiyani ngati gulu? Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo chokwanira cha uchembere ndi ubereki, ndipo limalamula ogwira ntchito zachipatala kulemekeza wodwala ndi kumupatsa uthenga womuthandiza kupanga chisankho. Potengera pamenepo, tikupempha izi. Wodi iliyonse ya amayi ikhale ndi madzi, sopo ndi chimbudzi chogwira ntchito, usana ndi usiku. Mankhwala oteteza bala asamasowe m'fiyeta. Ambulansi ikhale ndi mafuta. Mayi aliyense asanatuluke afotokozeredwe m'chinenero chake opareshoni yomwe wachitidwa ndi zizindikiro zoopsa, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Zipatala ziziwerenga amayi omwe abwerera ndi mabala otukusira, ndipo makomiti a zipatala aziona ziwerengerozo. Mu 2001 ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo. Nthawi ya bajeti ikafika, tiziwafunsa aphungu ndi makhansala athu kuti tafika pati, ndipo zingati zapita ku madzi a m'mawodi a amayi.

Ngati mwanyozedwa kapena kunyalanyazidwa, pali kokadandaula. Zipatala zambiri za boma zili ndi ofesi ya ombudsman wa pachipatala. Palinso Medical Council of Malawi ya madokotala, ndi Nurses and Midwives Council of Malawi ya anamwino ndi azamba. Lembani tsiku, nthawi ndi zomwe zinachitika, musunge buku lanu. Ngati mukuopa kupita nokha, tiuzeni, tipita limodzi.

Mnzathu uja anapola. Mwana akuyenda tsopano, ndipo iye wayambiranso kaunjika pang'onopang'ono ndi ngongole ya banki m'khonde. Titawerenga naye limodzi zinthu zomwe zinaika bala lake pa chiopsezo, tinapeza magazi ochepa omwe sanauzidwe, usiku wodikira kunyumba, ndalama yomwe sinali m'manja mwake, kuyezedwa kosawerengeka, ambulansi yochedwa, kutuluka osauzidwa zizindikiro, ndi mantha oti akanena anyozedwa. Kusasamba kuja sikunapezeke pa mndandanda. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye chaka chonsechi ndimadziimba mlandu wa ena."

Mukamva kuti mnzanu, mlamu wanu kapena wantchito wa pakhomo panu bala lamutukusira, funso loyamba likhale loti, "Tipite bwanji kuchipatala?" Muyang'anireni mwana, mutungireni madzi, mulipireni kabaza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tili ndi azamba awiri pakati pathu omwe avomera kuyankha mafunso, ndipo omwe simukufuna kufunsa pagulu, timapepala tikuyenda, lembani osaika dzina.